Mjigo wa ku gombe ukayamba mchere, musathamangire kukumba mozama

Funso lachokera kwa bambo ena a ku Kapata, muno mu Chipata, amene ali ndi mathiraki onyamula feteleza kuchokera ku doko la Beira kudzera pa malire a Chanida. Iwo ndi mnzawo wa ku Mozambique akufuna malo pafupi ndi doko oti aziimikapo ndi kutsukirapo mathirakiwo, ndipo akuganiza zokumba mjigo. Koma pa malo oyandikana nawo pali mjigo umene unkatulutsa madzi abwino utangokumbidwa, lero madzi ake ndi amchere. Akufunsa kuti: tikakumba mozama kuposa anzathuwo n'kuika pampu yamphamvu, sitingaupitirire mcherewo? Awonjezeranso kuti mjigo wa achimwene awo ku Mambwe nawonso umamveka mchere. Kodi nyanja ikufika kuno?

Bambo, musalipire wokumba mijigo aliyense amene akulonjeza zimenezo asanayeze madzi a pamalopo. Nzeru yoti madzi akavuta kumba mozama ndi yathu ya kuno kumtunda, ndipo kuno imathandiza kawirikawiri. Pansi pa Chipata pali thanthwe lolimba lakalekale, madzi amakhala m'dothi lofumbutuka pamwamba pake ndi m'ming'alu ya thanthwelo. Chitsime chikauma mu Okutobala, mukawonjezera mamita angapo kapena kugunda mng'alu wina, madzi amabwerera. Ku gombe zinthu n'zotembenuka. Madzi abwino amakhala pamwamba, amchere pansi, ndipo mita iliyonse imene mukuwonjezera ikukufikitsani kufupi ndi chimene mukuthawa.

Nkhani yonse yagona pa kulemera kwa madzi. M'lita imodzi ya madzi a m'nyanja muli mchere pafupifupi magalamu 35, kutanthauza kuti ndowa ya malita 20 mutaiumitsa padzuwa mungapale magalamu 700. Mcherewo umawalemeretsa madzi. Lita ya madzi abwino imalemera magalamu 1,000 pamene ya m'nyanja imalemera pafupifupi magalamu 1,025. Mungathe kuziona nokha kukhitchini: dzira laliwisi limamira m'kapu ya madzi a pampopi, koma mukamathiramo mchere n'kumatakasa, pamafika poti dzira lija ladzuka n'kuyandama. Tsono pansi pa gombe palibe khoma lolekanitsa nyanja ndi mtunda. Mchenga umene mukuponda pa malo anuwo ndi womwewo umene wayala pansi pa nyanja, ndipo madzi amchere amalowa m'mipata yake n'kukwawira kumtunda chapansipansi. Chimene chimawabweza ndi madzi a mvula amene analowa m'nthaka ndipo akutsetserekera ku nyanja. Madzi a mvulawa, pokhala opepuka, amayandama pamwamba pa amcherewo n'kumawapanikizira pansi.

Akatswiri awiri, Badon Ghijben wa ku Netherlands cha m'ma 1888 ndi Herzberg wa ku Germany mu 1901, aliyense payekha anapeza muyezo umene tikugwiritsabe ntchito mpaka lero. Ngati madzi a m'chitsime aima mita imodzi pamwamba pa mlingo wa nyanja, ndiye kuti madzi abwino amafika pafupifupi mamita 40 pansi pa mlingowo mcherewo usanayambe. Poyamba zimamveka zosangalatsa, koma onaninso mbali inayo. Mukapopa mpaka madzi a m'nthaka atsike ndi theka la mita lokha, malire a mchere amakwera ndi mamita 20. Sakwera tsiku limodzi, amatenga miyezi kapena zaka, ndipo malirewo si mzera wowongoka, ndi dera limene madzi awiriwa asakanikirana. Koma njira yake ndi imodzi, yokwera.

Pampu yamphamvu imene mukuiganizirayo ndiyo imafulumizitsa zimenezi. Taganizani za thobwa limene lakhala m'ndowa usiku wonse: pamwamba patsala madzi ake opepuka, masese akhazikika pansi. Wotunga mofatsa pamwamba amamwa zoyera, koma womiza chikho mwamphamvu amadzutsa masese. Pampu ikamakoka kwambiri pa malo amodzi, madzi ozungulira mjigo amatsika, ndipo mchere wa pansi umatukuka molunjika kukamwa kwa paipi. Sipafunikanso wochuluka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati lilime limayamba kumva mchere pamene chloride, chimene ndi chigawo chachikulu cha mcherewo, chafika pafupifupi mamiligalamu 250 pa lita. Madzi a m'nyanja ali ndi pafupifupi 19,000. Werengerani: kapu imodzi ya madzi a m'nyanja m'ndowa ya malita 20 yakwana kufikitsa ndowa yonseyo pafupi ndi mamiligalamu 250 aja. N'chifukwa chake mjigo wa anansi anuwo unasintha popanda chigumula kapena chozizwitsa chilichonse. Tiyi anangoyamba kumveka mwina, sopo kuleka kuchita thovu, pakamwa pa mpopi kuyera mbuu, mpaka tsiku lina madzi osamwekanso.

Pali malo ena kumene kukumba mozama kwambiri kumapezadi madzi abwino, ndipo mwina wokumba wanu adzakuuzani zimenezi. Kumwera kwa Dar es Salaam, ku Kimbiji, anapeza madzi abwino mamita mazanamazana pansi. Zimatheka pamene pali dongo lochindikala lolekanitsa mchenga wapamwamba ndi wapansi. Koma zotere zimapezeka ndi kafukufuku wa ndalama zambiri, ndipo mjigo wake umafunika kumatidwa ndi simenti mosamala kuti madzi amchere apamwamba asatsike m'mbali mwa paipi kukawononga apansiwo. Mjigo wozama womatidwa mwachisawawa umasanduka ngalande yodutsitsa mchere. Munthu wamathiraki asaike ndalama zake pa mwayi wotero.

Chifukwa chimene vutoli limakulira m'madera a madoko ndi mafakitale n'chakuti zinthu zingapo zimakumana pa malo amodzi. Mudzi wa asodzi umatunga ndi ndowa, ndipo nthaka imabwezeretsa usiku. Fakitale imapopa usana ndi usiku, dzinja ndi chilimwe, pozizitsira makina, potsukira, popangira zakumwa. Pozungulira fakitale pamadza anthu ofuna ntchito, madzi a m'mipopi sakwanira, aliyense n'kukumba wake mjigo. Panthawi yomweyo nthaka imene inkamwa mvula yaphimbidwa ndi phula, simenti ndi madenga a nyumba zosungiramo katundu, ndipo madzi a mvula amathamangira m'ngalande kukagwera m'nyanja osalowa pansi. Kutunga kwachuluka, kubwezeretsa kwachepa. Onjezerani kuti doko limakumbidwa mozama nthawi ndi nthawi kuti sitima zikuluzikulu zilowe, ndipo ngalande yozama imalola madzi olemera amchere kulowa kutali. Madambo ndi nkhalango za mitengo ya mangrove, zimene zinkasunga madzi ndi kuswa mafunde, amazikwirira kuti amangepo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi china chimene anthu sachiganizira: nthaka yeniyeniyo imamira. M'mathiriro a mitsinje nthaka ndi matope ndi dongo lofewa lokhuta madzi. Mukachotsa madziwo dongo limafinyika, ndipo likafinyika silitupanso. Ku Venice, m'dziko la Italy, mafakitale a ku Porto Marghera anapopa madzi apansi kuyambira cha m'ma 1930 mpaka cha m'ma 1970, mzinda n'kutsika masentimita opitirira 10 chifukwa cha kupopako. Ku Tokyo, madera ena a mafakitale kummawa kwa mzinda anatsika mamita opitirira 4. Boma la Japan linakhazikitsa lamulo la madzi a mafakitale mu 1956, malamulo ena n'kutsatira, mafakitale anapatsidwa madzi a m'mipopi ochokera kwina, ndipo pofika m'ma 1970 kumirako kunali kutatsala pang'ono kuima. Nthaka imene inatsikayo sinabwerere, madera amenewo mpaka lero amadalira makoma ndi mapampu. Ku Jakarta, kumpoto kwa mzinda, malo ena akhala akutsika masentimita opitirira 10 pa chaka, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene boma la Indonesia linalengezera mu 2019 kuti lisamutsa likulu. Yerekezani ndi kukwera kwa nyanja chifukwa cha kusintha kwa nyengo, kumene kuli pafupifupi masentimita 20 kuchokera mu 1900, ndipo masiku ano ndi mamilimita atatu kapena anayi pa chaka. Kukwerako ndi kwenikweni ndipo kukufulumira. Koma m'mizinda yambiri ya madoko, chimene chabweretsa mchere msanga ndi mapampu a anthu okhala momwemo. Ndimanena izi chifukwa ndi mbali imene munthu angathe kuisintha chaka chino.

Tibwere ku Beira kumene. Inu mumaudziwa msewu: mukatsika ku Inchope n'kudutsa Dondo, dziko limangoti see, madambo uku ndi uku. Mzindawu unamangidwa pa milu ya mchenga ndi madambo pamene mtsinje wa Pungwe ukuthira m'nyanja, Buzi nawo n'kuthira pafupi pomwepo, ndipo madera ambiri angokwera mamita ochepa pamwamba pa nyanja. Nyanja ya pamenepo imadzaza ndi kuphwa modabwitsa, pa masiku a mwezi watsopano ndi mwezi wathunthu kusiyana kwake kumafika mamita 6. Pa malo otero madzi abwino a m'nthaka amakhala ochepa thupi, amapezeka makamaka m'milu ya mchenga, pamene pansi pa madambo akale nthawi zambiri pamakhala mchere kuyambira kale. Malo otsika mtengo pafupi ndi doko angathe kukhala madambo okwiriridwa. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Funsani okalamba a pamenepo kuti pa malo mukufunawo panali chiyani zaka 30 zapitazo. Akakuuzani kuti ankagwirapo nkhanu, iwalani za mjigo.

Mchere umafikanso ku Beira kudzera mu mtsinje. Pungwe amachokera ku mapiri a Nyanga ku Zimbabwe, ndipo m'chilimwe madzi ake amachepa kwambiri. Mtsinje ukafooka, nyanja imakwera nawo makilomita makumimakumi, mpaka kuopseza dera la Mafambisse kumene minda ya nzimbe ndi mzinda wa Beira zimatunga madzi. Aliyense wotunga kumtunda, kuphatikizapo mzinda wa Mutare umene umatenga madzi ake ena mu Pungwe, amachepetsa mphamvu yobwezera nyanjayo. Ifenso tili m'nkhani yofanana ndi imeneyi ngakhale tili kutali. Mvula ya ku Katete ndi Chipata imene imagwera mu Lupande imakathera mu Luangwa, kenako mu Zambezi, n'kudutsa damu la Cahora Bassa lomalizidwa mu 1974, mpaka kukafika ku nyanja cha ku Chinde.

Njira yachitatu yolowera mchere ndi ya pamwamba pa nthaka. Namondwe Idai atagunda Beira mu Malichi 2019, mphepo inakankhira nyanja kumtunda ndipo madzi osefukira anadzaza madera otsika. Chitsime chosavindikira kapena mjigo wopanda simenti pakamwa pake umameza madzi oterowo molunjika, pamodzi ndi za m'zimbudzi ndi mafuta a m'magalaja. Choncho mjigo uliwonse kumeneko ufunika paipi yotuluka pamwamba pa nthaka ndithu, yotsekedwa bwino, ndi chiunda cha simenti chozungulira.

Mungafunse kuti mchere ukalowa, tikasiya kupopa sutuluka? Umatuluka, koma pang'onopang'ono kwambiri. Madzi a m'nthaka amayenda masentimita kapena mamita ochepa pa tsiku, ndipo mchere wobisala m'dongo umatuluka pang'ono ndi pang'ono kwa zaka zambirimbiri. Ku California, m'mbali mwa Los Angeles, kuyambira m'ma 1950 anakumba mizera ya mijigo yoti izilowetsa madzi abwino pansi m'malo mowatulutsa, kuti akhale mpanda wotchinga nyanja. Ku Orange County, ku California komweko, kuyambira mu 2008, amayeretsa madzi a m'masuweji mpaka kufika pomweka n'kuwabwezera m'nthaka, ena mwa iwo ku mpanda wotero wa kumeneko. Ntchitoyi imayenda, koma ndi ndalama za mzinda wolemera, ndipo saleka ngakhale chaka chimodzi. Makina osefa mchere nawonso alipo, a reverse osmosis, koma madzi a m'nyanja amadya magetsi pafupifupi mayuniti atatu kapena anayi pa malita 1,000, zosefera zake zimafuna kusinthidwa, ndipo amasiya madzi amchere wowirikiza amene muyenera kupeza kowataya. Potsukira thiraki n'zosapindulitsa.

Komanso musaganize kuti poti ndi otsukira chabe, amchere alibe kanthu. Mchere umadya chitsulo. Umakhala m'makona a chasisi, m'masipuling'i, m'mabuleki ndi m'mawaya a magetsi, ndipo m'kutentha ndi chinyontho cha ku gombe dzimbiri limathamanga. Woyendetsa wotopa akathira madzi amenewo mu rediyeta, ndiye kuti mwayamba kulipira. Mukasakanizira konkire, mchere umakadya zitsulo za m'kati, zimatupa n'kung'amba konkireyo patapita zaka.

Ndikanakhala inu, ndikanayamba ndi kuyeza ndisanasaine chilichonse. Pali kachipangizo kakang'ono kokwana m'thumba la malaya, koyezera mmene madzi akudutsitsira magetsi, okumba mijigo amakatcha EC mita. Mumaviika nsonga yake m'kapu, nambala n'kuoneka. Madzi abwino kawirikawiri amaonetsa pansi pa 1,000, akadutsa 2,500 ambiri amakana kumwa, a m'nyanja amaonetsa pafupifupi 50,000. Yendani nako pa zitsime ndi mijigo yonse yozungulira malowo, mufunse kuzama kwa uliwonse ndi chaka chimene unakumbidwa, mulembe m'kope. Chitani zimenezi mu Okutobala kapena Novembala mvula isanagwe, chifukwa muyezo wa mu Febuluwale udzakunamizani. Mukapeza kuti zitsime zosaya zili bwino pamene mijigo yozama ndi yamchere, mwaona ndi maso anu zonse ndafotokozazi.

Mukaganizabe zokumba, wokumbayo ayeze madzi pa mamita angapo alionse pamene akutsika, ndipo nambala ikangoyamba kukwera aime, atseke pansipo ndi simenti. Musamulipire mongowerengera mamita, chifukwa wolipidwa motero alibe chifukwa choimira. Ikani pampu yaing'ono yodzaza thanki pang'onopang'ono kwa maola ambiri, yasola imachita bwino pa ntchito imeneyi, ndipo ikhale m'mwamba momwe ingathere. Zitsime ziwiri zosaya zotalikirana zimaposa mjigo umodzi wozama. Yezani mwezi ndi mwezi. Nambala ikamakwera miyezi itatu yotsatizana, chepetsani kupopa pomwepo, musadikire lilime.

Koma madzi anu enieni ali padenga. Beira imalandira mvula pafupifupi mamilimita 1,500 pa chaka, yoposa ya kuno. Shedi ya mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi ingathe kukolola malita oyandikira 300,000 pa chaka ngati muli ndi posungira. Ndalama za mjigo wozama ndi pampu yaikulu ndi bwino zipite ku mathanki ndi magatala. Madzi otsukira adutse m'dzenje la simenti lokhazikitsa matope ndi kupatula mafuta, muwagwiritsenso ntchito potsuka matayala ndi pansi pa thiraki. Osawasiya kuti alowe m'mchenga, chifukwa madzi abwino a kumeneko ali pafupi kwambiri ndi pamwamba, ndipo dizilo ndi zotsalira za feteleza zimawafika msanga. Pali mabanja oyandikana nanu amene amamwa m'zitsime zosaya zomwezo ndipo alibe ndalama yogulira madzi a m'mabotolo. Pampu yanu ikakoka mchere, chitsime chawo nachonso chimapita. Ganiziraninso malo a cha ku Dondo, makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Beira, kumene nthaka yakwerako, ngakhale kumenekonso muyenera kuyeza. Za mapepala, dziwani kuti ku Mozambique nthaka ndi ya boma, chimene munthu amapeza ndi chilolezo choigwiritsa ntchito chotchedwa DUAT, ndipo za kutunga madzi pochita bizinesi m'chigawo chapakati mukafunse ku bungwe la boma loona za madzi la ARA-Centro.

Za achimwene anu ku Mambwe, mtima ukhale m'malo, si nyanja. Chipata ili mamita opitirira 1,000 pamwamba pa nyanja, chigwa cha Luangwa, kumene kuli Mambwe, chili mamita mazana angapo pamwamba pa nyanjayo, ndipo gombe lapafupi lili makilomita opitirira 500 kuchokera kuno. Madzi sakwera phiri lotero. Mchere wa kuchigwa ndi wakomweko. Chigwacho ndi mng'alu waukulu wa dziko umene unadzaza ndi miyala ya matope ndi mchenga yakalekale, madzi amayendamo pang'onopang'ono n'kumasungunula mchere wa m'miyalayo, dzuwa lotentha la kumeneko n'kumaumitsa madzi apafupi ndi pamwamba, mchere n'kutsala. Akasupe otentha a Chichele ku Nsefu, kumene nyama zimasonkhana pa dambo lamchere, ndi umboni woonekera. Anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje ku Malawi ali ndi vuto lomweli pa zifukwa zofanana. Kuchigwa mchere umakhala mawangamawanga, mjigo uwu wamchere, wina mamita mazana angapo kuchokera pamenepo wabwino, ndipo kawirikawiri madzi abwino amapezeka m'mchenga wa m'mbali mwa mitsinje umene umalandira madzi atsopano dzinja lililonse. Achimwene anu atenge madzi m'botolo loyera akayezetse, chifukwa madzi otere nthawi zina amakhala ndi zina zimene lilime silimva. Akafuna kukumba wina, agwiritse ntchito wokumba wokhala ndi laisensi ya WARMA, bungwe loona za madzi muno mu Zambia, monga malamulo a 2018 amanenera, ndipo ayambe ayeza mijigo ya m'midzi yoyandikana nayo ndi kachipangizo komwe kaja musanapite nako ku Beira.